Musandiuze Dzina Lake

Mayiyo adafika m'mawa kunja kukuwaza kamvula, atanyamula sutikesi yofiira ndi zala ziwiri zokha ngati kuti munalibe kanthu. Sadaodire. Adakankha chitseko cha mpanda, nawerama pansi pa chingwe choyanikapo zovala, n'kukaima pakhonde pamene mayi wa panyumbapo, telala, ankasokerera mabatani ndi singano ya pamanja. Singano idaima. Akazi awiriwo adayang'anana. Kenaka telala adadzuka, nalandira sutikesi ija, n'kulowa naye mlendoyo m'chipinda cha kuseri, chitseko n'kutseka.

Zonsezi mwamuna wa telala adaziona pazenera la chipinda chake cholemberamo, pensulo ili kukamwa.

Mwamunayo adali wolemba mabuku a nkhani zopeka. Ali mnyamata adatulutsa buku limodzi, lonena za mlonda wa pasiteshoni ya sitima ndi galu wake Namondwe, galu wakuba, wa nkhupakupa, amene pa mutu womaliza adapondedwa ndi sitima, owerenga n'kukhetsa misozi. Bukulo lidamveka ndithu. Anthu akamufunsa kumene adalitenga dzina la galuyo, ankakweza maso kudenga n'kuyankha kuti lidangomugwera m'mutu tsiku lina akudya ndi mkazi wake. Buku lachiwiri ndiye lidakana. Chaka chinkatha, china n'kubwera, iye ali pa mutu woyamba: kulemba, kufufuta, kung'amba. Anthu a mumsewuwo, omwe sasowa dzina lopatsa munthu, adangomutcha kuti a Mutu Woyamba.

Komatu si kuti adali waulesi, ayi. Malamulo a ntchito yake ankawasunga kuposa mmene wodwala amasungira malamulo a dokotala. Ankadzuka atambala asanatope kulira, n'kuvala jekete lake lothothoka m'zigongono, limene silinkachapidwa poopa kuti mawu angapite ndi thovu. Ankasongola mapensulo onse, osongoka kale omwe. Tiyi ankamwera m'kapu imodzi yokha yothyoka chogwirira, ndipo mkazi wake ankayenera kuiika pansi pakhomo la chipindacho osagogoda, osatsokomola, n'kubwerera monyang'ama. Makina osokera sankaloledwa kulira dzuwa lisanafike pamutu. N'chifukwa chake telala, yemwe makina akewo ndiwo ankadyetsa nyumba yonse, m'mawa ankangosokerera mabatani ngati wophunzira kumene ntchito. Madzulo mlembi ankatuluka n'kumuwerengera mkazi wake zimene walemba, ndipo gawo la mkaziyo lidali kumvetsera.

Lamulo lalikulu pa onse lidali ili: wolemba safunsa, amaona.

"Ukamufunsa munthu amakupatsa zoona," ankatero, "ndipo zoona n'zouma ngati chikuni. Ukangomuyang'ana, amakupatsa nkhani."

Ndi lamulo lomwelo adapezera mkazi. Tsiku lina kalekale mvula idawatsekereza awiriwo pansi pa kadenga ka podikirira basi, iye n'kuyamba kumuuza mtsikana wa diresi lachikasuyo kuti iyeyo ndi munthu wotani: mwana mmodzi yekha kwa makolo ake, wokonda maluwa oyera, woopa mabingu. Adaphonya zonse. Mtsikanayo adali ndi mkulu wake, maluwa ankamuyetsemulitsa, ndipo mabingu ankagona nawo tulo tabwino. Koma adaseka mpaka misozi, basi ija n'kumusiya, ndipo adakwatiwa naye akuganiza kuti mafunso adzabwera banja likakhazikika. Adadikira. Mafunso sadabwere.

M'mawa wa sutikesi yofiira uja telala adaswa lamulo: adagogoda.

"Bambo, kwabwera mlendo. Ndimati mudziwe kuti amenewa ndi..."

"Musandiuze!" Mlembi adatsegula chitseko maso akuwala ngati wamwa kanthu. "Mayi, chonde, musandiuze dzina lawo, kumene achokera, ngakhale chimene adzera. Mwaiona sutikesi ija? Yopanda kanthu! Ndani amayenda ulendo ndi sutikesi yopanda kanthu? Buku lija labwera lokha, lalowera pachipata ndi miyendo yake."

"Ndiye simuwalonjera n'komwe?"

"Moni ndiwapatsa. Koma funso ayi. Funso lingaphe mwanapiye akadali m'dzira. Akhale kaye mpaka ndimalize."

Telala adamuyang'ana mwamuna wake kuyambira kumutu mpaka ku masilipasi.

"Chabwino, bambo. Akhala."

Masana ake, mlembi ali kalikiliki m'chipinda mwake, akazi awiriwo adakhala kukhitchini akusenda mbatata.

"Ndiye uyu ndi munthu uja unkandiuza pafoni kuti ali ndi maso oona mpaka mumtima?" mlendo adatero. "Iwe, wandiitana wekha kuti ndidzakutenge. Ndabwera. Longedza tizipita."

"Dikirani pang'ono," telala adayankha, maso ali pa mpeni. "Angofunsa kamodzi kokha. Afunse kuti inu ndinu ndani, kapena andifunse ine kuti chandivuta n'chiyani. Kamodzi basi. Akatero, ine ndikhala."

"Akapanda kufunsa?"

"Mwezi ukatha mubweretse lole."

"Mtima wakowu ndi buledi wogwera m'tiyi," mlendo adatero akuponya mbatata m'poto. "Chabwino. Koma katundu ndiyamba kusamutsa mawa lomwe. Akafunsa, ndidzabweza ndekha, pamutu."

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse mlendo ankatuluka sutikesi yofiira itamupendeketsa phewa, masana n'kubwera nayo akuizunguza m'manja ngati chikwama cha mwana wa sukulu. Mlembi ankakhala pazenera, khosi litatalika, kenaka n'kuthamangira pa tebulo. Pensulo inkachita kulira. Pa pepala mlendoyo adasanduka mkazi wamasiye wa mkulu wa asilikali, wozembetsa miyala ya mtengo wapatali. Zikhatho zake zolimba, mlembi adagamula kuti zidalimba pokumba khoma la ndende ndi supuni. Chipsera chimene chidali pansidze pake chidali cha mpeni wa chibwenzi chansanje. Mutu woyamba, umene udadya mapensulo a zaka zonse zija, udatha sabata isanathe. Wachiwiri udatsatira, wachitatu uli pambuyo ngati anapiye.

Pa nthawi ya chakudya ankakhala moyang'anana ndi mlendoyo, chakudya chake chikuzizira.

"Bambo, mukundiyang'ana chonchi, kodi pamphuno panga patera ntchentche?" mlendo adafunsa tsiku lina.

"Pitirizani kudya, mayi. Musasinthe kanthu. Momwe mwagwirira supunimo, momwemo."

"Kwathu munthu akamakuyang'ana chotere amakhala ali ndi funso. Funsani, sindilipiritsa."

"Ine sindifunsa. Ndikukudziwani kale kuposa mmene mumadzidziwira inu eni ake."

"Eee, muli ndi mwayi. Ine mwini wake ndikadaphunzirabe."

Telala adaseka, mlendo naye adaseka, ndipo kuseka kwa awiriwo kudali kumodzi: kwakufupi, kothera m'mphuno. Mlembi adakumva kufananako, pakuti makutu adali nawo. Adatulutsa pensulo nalemba pachikhatho kuti akazi akakhala nyumba imodzi amabwerekana kasekedwe.

Nyumba idayamba kuwonda. Makatani a pabalaza adapita, mapoto akuluakulu adatsatira, nsapato za telala zomwe zinkandandalikidwa kuseri kwa chitseko zidatsala ziwiri zokha. Pakhoma la pabalaza padali chithunzi chimene chidapachikidwa pomwe telala ndi mwamuna wake adangolowa m'nyumbamo: atsikana awiri ovala yunifolomu ya sukulu atakolekana mikono, wamkuluyo ali ndi chipsera pansidze. Mlembi ankadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku popita kukasamba. Chithunzicho chitachoka, padatsala malo oyera a ngodya zinayi, ndipo iye adaima pamenepo manja ali kumbuyo ngati ali m'nyumba yoonetsera zaluso.

"Taonani, mayi. Khoma likukumbukira chinthu chimene ife taiwala. Chiganizo chimenechi chilowa m'buku lero lomwe."

"Panali chiyani pamenepo, bambo?" telala adafunsa.

"Kalendala, si choncho?"

Ngakhale wometa tsitsi wa pakona adayesako. Atamukhazika pampando n'kumupaka thovu m'masaya, adatsitsa mawu.

"A Mutu Woyamba, ine za eni sindilowerera, koma mumsewu muno anthu ali ndi maso. Sutikesi ija ikutuluka yolemera. Akuti akazi anu..."

Mlembi adalowetsa zala m'makutu n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo, thovu likuchucha pachibwano. Wometa adadikira mpaka nyimbo idatha.

"Chabwino, bwana. Makutu ndi anu, nyumba ndi yanu. Tikweze chibwano."

Kenaka lidafika tsiku limene makina osokera adatuluka pa wilibala atafunditsidwa nsalu yakuda, mlendo akukankha, telala akuperekeza mpaka pachipata dzanja lili pamwamba pa nsaluyo. Mlembi adaona pazenera, nalemba kuti umenewo udali mtembo wa chibwenzi chansanje chija. Masana amenewo pakhonde padali zii. Adalemba mpaka pensulo idafupika ngati ndudu yotsala, ndipo atatuluka adamugwira mkazi wake paphewa, chinthu chimene adali atasiya kalekale.

"Lero nyumba ino yandimvetsa. Zikomo, mayi. Mwayamba kulemekeza luso."

Telala adaliyang'ana dzanja lija paphewa pake, ndipo kwa kamphindi nkhope yake idafewa.

"Simukufuna kudziwa chifukwa chake makina sakulira?"

"Bata silifuna chifukwa," iye adatero, nabwerera m'chipinda.

Madzulo otsiriza a mweziwo telala adavala diresi lachikasu lija la podikirira basi. Adali atalimasula m'mbali n'kulikulitsa ndi singano ya pamanja, poti thupi la mtsikana silidikira munthu. Adakhala pampando umodzi mwa iwiri imene idatsala pabalaza. Mlendo adatsamira chitseko cha kukhitchini manja atapinda. Mlembi adatuluka ndi mapepala, nakonza kukhosi, n'kuyamba kuwerenga mutu wachiwiri kwa womaliza.

Kunena zoona, adawerenga bwino. Mawu ake adali omwe aja amene adachititsa mtsikana kusiyidwa ndi basi. Mkazi wamasiye wa sutikesi yofiira ankabisala m'nyumba ya munthu wina wanzeru zakuya, amene yekha ndiye ankaona chinsinsi chake. M'nyumbamo mudalinso mayi wina, mwini khomo, yemwe ankalowa ndi tiyi n'kutuluka, kulowa ndi tiyi n'kutuluka.

"Imani kaye, bambo," telala adatero. "Mayi wa panyumbayo, wa tiyiyo, iyeyo akumva bwanji mumtima mwake?"

"Ameneyo? Ameneyo alibe nkhani."

"Alibe nkhani."

"Buku lililonse limafuna munthu wotero, wongotsegula ndi kutseka zitseko. Mukamupatsa mtima, asokoneza zonse." Adakweza maso, ndipo pamenepo ndi pamene adaliona diresi. Adaliyang'ana nthawi yaitali, pakamwa patatseguka pang'ono. Telala adawongoka pampando paja. Ngakhale mlendo pachitseko paja adamasula manja.

"Chikasu!" mlembi adafuula. "Ndimasowa kuti wamasiye uja avale chiyani pothawa. Chikasu! Mayi, mwandithandiza."

Adathamangira m'chipinda, chitseko n'kutseka. Pabalaza padatsala akazi awiri ndi mipando iwiri.

"Ndikaitenge lole?" mlendo adafunsa chapansipansi.

"Kaitengeni."

M'mawa mwake mlembi adadzuka monga mwa masiku onse, navala jekete, nasongola mapensulo. Mutu womaliza udatsika ngati madzi a pampopi. Wamasiye adathawa atavala chikasu, munthu wanzeru zakuya uja adatsala pazenera akudziwa zonse, osaulula kanthu. Dzuwa litakwera, mlembi adalemba mawu amene adawalota zaka zonse zija, akuti Mapeto, nawazunguliza ndi mzere. Adatsegula chitseko kuti atole tiyi wake.

Pansi padalibe kapu.

"Mayi!" adaitana. Mawu ake adagunda makoma n'kubwerera kwa iye. Pabalaza padatsala mpando umodzi. Kukhitchini kudali poto mmodzi, mbale imodzi, ndi kapu yothyoka chogwirira itavundikiridwa pa sinki, youma. Panja padamveka injini.

Adatuluka akuthamanga, mapepala ali pachifuwa, silipasi imodzi n'kutsala pakhonde. Pachipata padaima lole yaikulu. Kumbuyo kwake kudali bedi la m'chipinda cha kuseri, tebulo lodulirapo nsalu, ndi sutikesi yofiira itamangidwa ndi chingwe choyanikapo zovala chija. Telala adali atakhala kale kutsogolo, chikwama chili pamiyendo. Wometa tsitsi adali ataima pakhomo la shopu yake, lumo lili m'manja, pamodzi ndi theka la anthu a mumsewuwo.

"Mayi! Ndamaliza! Buku lija ndamaliza!"

"Inenso ndamaliza, bambo," telala adatero, osakweza mawu.

"Mwamaliza chiyani? Mukupita kuti? Nanga ndiwerengera ndani? Chavuta n'chiyani?"

"Tamverani mafunso!" mlendo adatero akuzungulira lole ndi kumenya matayala ndi phazi. "Akugwa ngati matalala. Anali kuti mwezi wonsewu? Dzulo lomweli funso limodzi lokha likadatsitsa katundu yenseyu."

Adagwira chitseko cha mbali ya dalaivala, nadzikweza ndi dzanja limodzi, n'kukhala pa chiwongolero ngati munthu wokhala pampando wa kwawo. Zikhatho zolimba zija zidagwira chiwongolero, ndipo mlembi adaona kuti khoma la ndende silidakumbidwepo ndi supuni. Adayang'ana nkhope ziwirizo kuseri kwa galasi, iyi ndi iyo, chipumi chimodzi, kapindidwe kamodzi ka milomo. Mapepala adayamba kumulemera m'manja.

"Kodi... kodi inu ndinu ndani?"

Mlendo adatulutsa mutu pawindo.

"Mwafunsa mochedwa, alamu, koma ndikuyankhani poti ndinaleredwa bwino. Ndine mkulu wake wa mkazi wanuyu. Pa ukwati wanu sindinabwere, ndinali pa msewu ndi katundu wa eni, kutali. Koma pakhoma panu ndakhalapo zaka zonsezi, inu n'kumandiyesa kalendala. Chipsera ichi si cha mpeni wa mwamuna, ndinagwa mumtengo ndikumuthyolera mng'ono wangayu zipatso."

"Mukadandiuza..."

"Tikadakuuzani? Mutatseka makutu ngati botolo?"

Mlembi adatembenukira kwa mkazi wake. Telala sadalire, sadatukwane. Adangomuyang'ana ndi maso omwe aja a pansi pa kadenga ka basi, koma tsopano mvula idali itakata.

"Kapu ndakutsukirani," adatero. "Masamba a tiyi ali m'chitini cha buluu. Mukasowa chinthu, mufunse anthu."

Injini idakwera mawu. Mlembi adaima pakati pa msewu, phazi limodzi lili pa dothi, atakumbatira buku lonse lathunthu lonena za mayi amene kulibe. Adaliyesa uchi, nalitafuna mwezi wonse maso ali chitsinzire, osafunsa eni njuchi kuti chisa chimenechi chili ndi chiyani. Akuluakulu adaziona kale zoterezi pamene adati safunsa adadya phula.

Lole itayamba kusuntha, adathamanga m'mbali mwake akugwira chitseko.

"Dzina lokha! Ndiuzeni dzina lokha!"

"Mukulidziwa, alamu. Mng'ono wangayu ankakuuzani za ine tsiku lina mukudya, akulira kuti wandisowa. Inu misozi simunaione, munangotola dzina, n'kukapatsa galu wa nkhupakupa uja, kenaka n'kumupondetsa sitima. Bukulo ndinawerenga. Kwathu, chiyambire ndili mwana, amanditcha Namondwe."